Nkhope ya Mayi Woyenda Pachingwe

Tadala, Madalitso, ndi inu adzukulu amene mumamva Chichewa bwinobwino koma n'kumandiyankha m'Chingerezi: za ubwana wanga musandifunse. Ndinabadwa, ndinadwala chikuku, ndinachira. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, tsiku limene aphunzitsi anapeza chithunzi chawo chimene ndinajambula pabolodi, mimba ili patsogolo iwo akutsatira pambuyo, kalasi yonse n'kuvomereza kuti ndi iwo ndithu. Zotsalazo ndi ntchito basi. Ndilemba za ntchito, makamaka za nkhope imodzi imene ndinafufuta ku South Bend, chifukwa mlandu umenewo kwa Tadala sunathe mpaka lero, ndipo wozengedwa mlandu naye amapatsidwa mpata wolankhula.

Limbe, chaka chimene ndinayamba kumeta ndevu

Ntchito yanga yoyamba inali kwa a Chidothi, olemba zikwangwani kuseri kwa msika wa Limbe. Anali munthu wamfupi, wa diso limodzi loona bwino. Linalo ankati lili patchuthi. Poyamba sanandigwiritse burashi. Ndinkatsuka zitini, kupala dzimbiri pamalata ndi kunyamula makwerero kumbuyo kwawo ngati mwana wa nkhuku. Kenako anandilola kulemba zilembo, ndipo ine wa Sitandade 6 ndinalemba Chingerezi chambiri pamakoma a Blantyre kuposa anzanga amene anapitiriza sukulu. Zolakwika zinalipo, koma eni masitolo nawonso sankazidziwa, ndiye tinkakhala mwamtendere. Penti ankasowa masiku amenewo. Wofiira akatha m'tauni yonse, nyama ya pabutchala tinkaijambula yabulauni, a Chidothi n'kumuuza mwini butchala kuti imeneyo ndi yootcha kale, makasitomala azimva fungo akadali panjira.

Lamulo lawo lalikulu linali limodzi. "Iwe, nkhope ya m'mutu usamajambule. Nkhope yongopeka ilibe mwini, ndipo chopanda mwini ndi mzukwa. Peza munthu, umukhazike pakreti, umuyang'ane." Amuna ankapezeka mosavuta, chifukwa mnyamata aliyense ankafuna mutu wake ukhale pakhomo la ometa tsitsi. Akazi ndiye kunali kovuta. Ndinakapempha mtsikana wina wogulitsa zitumbuwa padepoti, Nankhoma, amene anadzakhala amayi anu. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato zamadontho a penti, n'kunena kuti, "Ndikhala, koma zitumbuwazi zikazizira mudya nokha." Ndinadya zitumbuwa zozizira mpaka mimba inayamba kundidandaula, kenako ndinaona kuti kuli bwino kungokwatira.

Kuyambira pamenepo mkazi aliyense wa pachikwangwani changa anali iwo. Pasaluni ku Ndirande, iwo. Kwa telala ku Bangwe, iwo, atavala diresi ya ukwati. Pachigayo, iwo, atasenza thumba. Anthu ankawapatsa moni m'minibasi osawadziwa. Tsoka linagwa nditawaika pakhoma la botolo sitolo ku Zingwangwa atanyamula tambula ya thovu. Akulu a mpingo anafika kunyumba, mabaibulo m'khwapa, nkhope zitakwinya. Amayi anu anawapatsa mipando, anagwada kuwapatsa moni, kenako anandiloza. "Ine mowa sindinaulawepo. Woledzera pakhomo pano ndi burashi ya bambo awa." M'mawa mwake ndinapita ku Zingwangwa, ndinakawameretsa ndevu ndi kuwaveka chipewa. Mwini botolo sitolo anadandaula kuti malonda atsika.

Indianapolis, chaka chimene Tadala anabereka mwana woyamba

Tinabwera kudzalera mdzukulu miyezi ingapo, koma mdzukuluyo sanafulumire kukula, mapepala anakonzedwa, tinangokhala. Nyumba inali ku Beech Grove, kumene popanda galimoto sungagule ngakhale machesi. Tadala ankagwira unesi, mkamwini akumaliza maphunziro. Ine kukhala pansi kunayamba kundidwalitsa. Mkulu wina wa kumpingo wathu wa Amalawi anandipezera malo pashopu ya zikwangwani pafupi ndi Speedway, kumene magalimoto a mpikisano akayamba kulira umaganiza kuti njuchi za dziko lonse zasamukira m'mutu mwako. Ndinapita ndi maburashi anga a ku Limbe nditawakulunga m'sokosi. Bwana wake, Ron, anawayang'ana ngati ndamubweretsera mafupa a makolo. Kumeneko olemba anali makina. Ankadula zilembo papulasitiki, ine ntchito yanga kusenda ndi kumata, kusenda ndi kumata, ngati wosenda chinangwa. Ron anali munthu wabwino, koma wolankhula ngati ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Zaka zonse zimene ndinagwira naye ndinkamva theka, theka linalo ndinkangogwedeza mutu, ndipo sitinayambanepo. Koma ndikafika kunyumba amayi anu ankanunkhiza malaya anga n'kunena kuti, "Fungo la thina wosungunulira penti silikumveka masiku ano. Mwamuna wanga uja munamusiya kuti?"

South Bend, chaka chimene mkamwini anapeza ntchito kuyunivesite

Tinasamukira tonse kumpoto, kumene chipale chofewa chimagwa ngati wina wang'amba pilo kumwamba ndipo sakufuna kupepesa. Ntchito imene ndinapeza inali yosesa m'holo yakale ya zisudzo pakati pa tauni. Woyang'anira anali Mayi Loreta, nkhalamba yaitali yowonda, ya mawu ngati a kondakitala. Holoyo inamangidwa mafilimu asanatchuke, ndipo iwo ankati masiku amenewo munkaonetsedwa vodevilu. Atandifotokozera ndinati, "Aa, imeneyo kwathu ndi varayite sho." Woimba atsike, akwere wamatsenga, wamatsenga atsike, akwere galu wovina, kenako wanthabwala, kenako mayi woyenda pachingwe. Aliyense ndi kanthawi kake, wotopetsa asachedwe.

Tsiku lina anandigwira ndikuwajambula ndi choko kuseri kwa chitseko cha chipinda cha matsache. Ndinangomva mpweya wa munthu pakhosi. Anayang'ana nthawi yaitali, ine ndikuganiza kale zimene ndikauze amayi anu. Kenako anati, "Mphunoyo mwaichepetsa. Mukundiopa?" Ndinaiwonjezera iwo ali pomwepo. Anagwedeza mutu. "Eya. Tsopano siyani tsachelo, bwerani muone chinthu."

Chinthucho chinali chinsalu chachikulu, chotambalala kuposa basi, chimene anachipeza chitakulungidwa pamwamba pa siteji. Kale ankachitsitsa pakati pa masewero, anthu akamasintha zinthu kuseri, kuti owonera asangoyasamula koma aziwerenga malonda. M'mbali monsemo munali timagawo ta masitolo a m'tauni: wa nsapato, wa zipewa za amayi, wa ayisikilimu, wa mankhwala a chifuwa, ndi wina wogulitsa mipando ndi mabokosi a maliro pamodzi, zimene zinandikumbutsa akalipentala a kwathu mpaka ndinaseka ndekha. Pakati ndiye panali malonda a holoyo: wamatsenga ndi chipewa chake, galu ataima pampira, ndipo pamwamba pa onse mayi woyenda pachingwe, ambulera m'manja, kasiketi kakafupi, phazi limodzi m'malere. Koma nkhope analibe. Denga linadontha pamenepo zaka zambiri, madzi anaidya, panangotsala banga labulauni ngati la tiyi pansalu ya patebulo.

Wojambulayo analemba dzina lake pakona, makoswe anadya, panatsala H yekha. Ine ndinkamutchula kuti achimwene a H. Munthu ameneyo dzanja anali nalo. Mzere umodzi, osabwereza, nsapato yatuluka yoti uivale. Ayisikilimu wake ukamuyang'ana mano ankachita dzanzi. Ndinkaona pamene anafulumira chifukwa mwini sitolo akumudikira, ndi pamene anachedwa dala chifukwa akusangalala. Zimenezo wa ntchito mnzake sungamubisire.

Kunabwera katswiri wina wa zinthu zakale amene anatsuka chinsalucho, kumata mong'ambika, n'kundisiyira lamulo lakuti penti aliyense amene ndiwonjezere akhale wochoka ndi madzi, kuti obwera m'mbuyo mwathu akadzaona kuti tinalakwitsa adzathe kufufuta. Tinachiyala pansi pasiteji. Ndinkagwira chogwada, kumapazi masokosi okha, holo ikuzizira ngati mochale, chifukwa makina otenthetsa ankawayatsa masiku a masewero okha. Penti ankaundana m'chitini. Mayi Loreta ankabwera ndi fulasiki ya madzi otentha, ena a tiyi wanga, ena a penti, n'kumandikalipira kuti ndikumwa gawo la penti. Koma ana inu, ndinali wokondwa. Malaya anayambanso kununkha ntchito.

Ndikukonza kagawo ka zipewa ndinaona chinthu. Ndinakwawira ku nsapato, ku ayisikilimu, mpaka kwa mayi wamasiye wa pamabokosi a maliro. Ndinaitana Mayi Loreta.

"Mayi, akazi onsewa ndi munthu mmodzi. Onani chibwano. Onani nsidze yakumanjayi, yokwera ngati akufunsa mtengo wa tomato. Tsitsi ndi zovala zokha ndi zimene ankasintha."

Anavala magalasi, anagwada mafupa akulira. "Mwadziwa bwanji?"

"Wakuba amamudziwa mnzake poyenda." Ndinawauza za Ndirande ndi Bangwe, ndi za ndevu za ku Zingwangwa. Anaseka mpaka magalasi anagwa. Ndinati, "Ameneyu anali mkazi wake, kapena amene ankamufunsira osamulola. Ndiye pachingwepa sipangakhale wina."

"Basi," anatero. "Mubwezereni pamalo pake."

Nyengo imene amayi anu anayamba kutsukitsa magazi

Inali nthawi yomweyo pamene impso za amayi anu zinayamba kukana ntchito. Masiku ena pasabata ankawalumikiza kumakina kuchipatala, n'kubwerako atatopa, masaya atalowa. M'mawa ndinkawaperekeza, masana ndili pachinsalu. Nkhope ya mkazi wa a H ndinaiphunzira bwino, kagawo ndi kagawo, mpaka ndinaganiza kuti ndaimeza. Tsiku loijambula dzanja linayenda lokha, mopepuka, ngati ndabwerera kuseri kwa msika wa Limbe. Nditamaliza ndinakwera pakhonde la m'mwamba kuti ndione patali. Khungu loyera, inde. Tsitsi lofiirira, inde. Koma amene ankandiyang'ana pachingwepo anali Nankhoma wa padepoti, ndi kumwetulira kwake kwa mbali imodzi kumene ankamwetulira zitumbuwa zikuzizira. Dzanja limene lajambula mkazi mmodzi moyo wonse lili ngati ng'ombe ya pangolo: ukagona panjira imakufikitsa kwanu.

Mayi Loreta anati, "Wakongola. Musiyeni. A H anu anafa kale, mkazi wawo anafa kale, achibale sitikuwadziwa. Adziwa ndani?"

Tadala anabwera kudzanditenga akuchokera kuntchito, ali ndi yunifomu. Atangoona anagwira pakamwa. M'galimoto anayamba.

"Adadi, musadilite. Chonde. Mukuona mmene amama alili. Zikwangwani zanu za ku Ndirande zija anazipenta kale a makampani a mafoni, palibe chatsala. Apa akhalitsa. Ana anga azidzabwera kudzawaona."

"Mwana wanga, malowo ali ndi mwini."

"Mwini wake uti? Munamumitapo? Ndi iyeyo anakuhayani?"

Ndinangoyang'ana msewu, chifukwa nesi akamayendetsa galimoto atakwiya sutsutsana naye.

Loweruka masana tinawabweretsa amayi anu. Mayi Loreta anauza amuna a pasiteji kuti akweze chinsalucho, ife tinawakhazika pampando wa kutsogolo. Anayang'ana, n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Bambo a Tadala, ku Zingwangwa munandimwetsa mowa, kuno mwandivula. Miyendo yonseyi pamtunda? Ine wovala yunifomu yoyera kutchalitchi Lachinayi?"

"Miyendoyo musandinene ine, anajambula ndi a H."

"Wabodza inu. Munaiyang'ana bwino musanaikepo mutu wanga." Anapukuta misozi ya kuseka. "Koma zaka mwandichotsera bwino."

Kenako anayamba kudziyang'anitsitsa. Mkazi wanga ndinkamudziwa: anakondwa. Nthawi imeneyo pagalasi sankafunanso kuyang'anapo, koma apa maso sankachoka. Patapita nthawi anafunsa, "Nanga mwini malo ali kuti?" Ndinawasonyeza wa zipewa, wa nsapato, wa ayisikilimu, wamasiye uja. Anawayang'ana mmodzimmodzi.

"Ankamukonda," anatero.

"Kwambiri."

"Ndiye pamwambapo ndi pamene anamusungira pabwino."

Tadala anagwada pambali pawo. "Amama, auzeni asafufute."

Anamusisita pamutu. "Ine burashi sindinaigwirepo. Aona okha bambo ako."

Ana inu, ndinkafuna kuisiya nkhope ija. Ndani sakanafuna? Bwana walola, mwana akupempha, mwini nkhope wakondwa, ndipo madokotala anali atayamba kulankhula nafe ndi mawu ofewa aja amene munthu wamkulu amawazindikira. Lamlungu kutchalitchi sindinamve ulaliki. Ndinkangoganiza kuti, bwanji munthu wina atafika ku Ndirande, n'kupeza chikwangwani changa chitafwifwa, n'kuikapo mutu wa mkazi wake pathupi la Nankhoma, dzina langa likadali pakona? Ndikanadzuka m'manda ndi chitini cha thina. A H sakanatha kudzilankhulira. Ngakhale dzina makoswe anamudyera. Woti amuimire anatsala mmodzi, mnzake wa ntchito, wochokera ku Limbe kumene iye sanakumvepo. Lolemba m'mawa ndinapempha kuti achiyalenso pansi. Ndinatenga siponji ndi madzi ofunda. Ndinayambira pachipumi, maso ndinamalizira. Sindinalire ayi. Holo ija inkazizira kwambiri, maso a munthu ankangotuluka madzi okha.

Dzanja ndinachita kulipusitsa. Ndinazungulira kumutu kwa chinsalu, ndinaika chithunzi cha mayi wa zipewa chozondoka patsogolo panga, n'kujambula nkhopeyo chozondoka, chipumi kufupi ndi maondo anga, chibwano kutali. Chozondoka dzanja siliona munthu, limangoona mizere, ndiye limamvera mwini wake. Anatuluka mkazi wa a H, ndi nsidze yake yofunsa mtengo ija. Mayi Loreta anayang'ana, anayang'ana ine, n'kundithirira madzi onse a m'fulasiki, a penti omwe. Tadala anasiya kundilankhula. Patebulo akafuna mchere umene uli pafupi ndi ine ankatuma mwamuna wake.

Tsiku lotsitsa chinsalu, nyengo yofunda itabwerera

Linali Lamlungu masana. Holo inadzaza. Amalawi a ku South Bend anabwera atatuluka kutchalitchi, ena anachokera ku Indianapolis, amayi atamanga zitenje pamwamba pa mabuluku a jinzi. Amayi anu anali panjinga ya odwala, mzere wa kutsogolo, Tadala mbali iyi, ine mbali inayo. Chinsalu chinatsika pang'onopang'ono, azungu anaomba m'manja, amayi a kwathu analuluta mpaka azunguwo anatembenuka kufuna kudziwa amene wavulala. Mayi Loreta ananditchula dzina molakwika monga mwa masiku onse. Ine ndinkangoyang'ana amayi anu. Anayang'ana pachingwe nthawi yaitali, kenako anandikoka jekete.

"Wabwerera pamalo pake. Mwachita bwino."

"Zikomo, a Nankhoma."

"Koma khutulo ndi langa."

"Khutu liti?"

"Lakumanzerelo. Lopindika pamwambalo. Musandinamize, ndakhala nalo kuyambira ndili kumsana kwa amayi anga."

Ndinayang'ana. Tadala naye anayang'ana, n'kuyang'ana khutu la amayi ake, n'kuyang'ananso pachinsalu. Ana inu, ndikulumbira, sindinachite dala. Pa akazi onse a a H makutu anabisika, wina ndi chipewa, wina ndi tsitsi, wina ndi nsalu ya umasiye. Koma wa pachingweyo tsitsi linali lomangidwa m'mwamba, khutu linkafunika, pokopera panalibe. Dzanja linangotenga limene linali nalo pafupi.

Ndinanong'ona, "Ndikalifufute?"

"Tayesani muone," anatero. "Khutu limodzi mayiyo sangadandaule. Akazi timabwerekana zinthu."

Amayi anu anatisiya chaka chotsatira. Maondo anga nawo anakana kugwada pasiteji, ndinapuma ntchito, ndipo banja litabwerera ku Indianapolis ndinabwera nawo kuno m'dera la Lawrence, kumene ndili ndi chipinda choyang'ana kumsewu ndi mpando wanga. Nthawi zina Loweruka Tadala amangoti, "Adadi, valani jekete, tidiraive," ine n'kudziwa kumene tikupita. Mayi Loreta kulibenso, koma amene alipo tsopano amatidziwa, amatitsitsira chinsalu. Tadala amakhala mzere wa kutsogolo n'kumati nkhope yonse ikanakhalapo, ndipo ine sinditsutsa. Ndimangokwera pasiteji ndi ndodo yanga, n'kupereka moni kwa mkazi wa a H monga mwa ulemu, kenako ndimasunthira ku khutu lija lakumanzere. Ndimanena zonse: amene wakwatiwa kumpingo, amene wanenepa, mdzukulu amene wayamba kuvala buluku long'ambika dala m'maondo, mankhwala amene ndikuzemba kumwa. Zaka zonse za ukwati wathu, a Nankhoma sanandimvetserepo chonchi osandidula mawu.